Mantha asatisankhire mdani

Pa 7 Julaye 2005, amuna anayi adadziphulitsa ndi mabomba m'sitima zitatu zoyenda pansi pa nthaka ndi m'basi imodzi mumzinda wa London. Anthu 52 osalakwa adafa, oposa 700 adavulala.

Pa 22 Julaye, apolisi adapha Jean Charles de Menezes pomuwombera m'sitima pasiteshoni ya Stockwell. Anali mnyamata wa ku Brazil wa zaka 27, wokonza zamagetsi, ndipo ankapita kuntchito. Adamuyesa chigawenga chimene ankachisaka.

Ife tikuti imfa yakeyo idakwaniritsa zimene zigawenga zimafuna: kuti anthu aziopana, aliyense aziona mnzake wapampando ngati mdani. N'zoona kuti apolisi anali pampanipani, poti dzulo lake anthu ena adayesanso kuphulitsa mabomba. Komabe mantha sachotsa udindo wotsimikizira kaye usanaweruze munthu, makamaka pamene uli ndi mfuti m'manja.

Ambirife tidzaimirira kutsogolo kwa ana a zipembedzo ndi mitundu yosiyanasiyana. Tikamadzawaphunzitsa za London, tidzakumbukire anthu 52 aja, tidzatchulenso de Menezes, kuti anawo adzazolowere kufunsa asanaloze munthu chala.