Mlendo wa Usiku Umodzi

M'matauni a Petauke ndi Nyimba, kumene apaulendo a mseu wa Great East amagona, eni nyumba ena aona kuti mlendo wa usiku umodzi amalipira bwino koposa mphunzitsi wa lendi ya pamwezi. Motero zipinda zisanduka malo ogona alendo, makamaka pa nyengo yogula cimanga ndi pa mwambo wa Tuwimba.

Kuceleza mlendo ndi cikhalidwe cathu. Koma mukayamba kulipilitsa, amenewo ndi malonda, ndipo Boma lili ndi mau. Lamulo la Tourism and Hospitality la 2015 lifuna kuti malo otere akhale ndi laisensi ya Zambia Tourism Agency, kuti mlendo agone pa ukhondo ndi mosaopa.

Palinso lamulo la Rent Act la 1972, limene sililola kutulutsa munthu m'nyumba ya lendi popanda cigamulo ca khoti. Musanathamangitse banja cifukwa ca ndalama za msanga, kumbukirani mau a makolo akuti mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera wapita, koma mphunzitsi uja ndiye adzaphunzitsa mwana wanu mawa.