ZA PAKHOMO PATHU: Ketulo Ikayamba Kuluma



Ife Asilamu timagwira madzi kasanu pa tsiku. Tikatha kutawaza, manja ndi mapazi zimakhala zonyowa, ndipo ambiri timaponda pa simenti opanda nsapato n'kukayatsa ketulo, makamaka pa Subuhi m'nyengo yozizira. Thupi lonyowa ndi njira yapafupi yoti magetsi adutsire kupita pansi.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavoti 230. Amalowa m'chipangizo ndi waya wina, n'kubwerera ndi wina. Koma chitsulo chotenthetsa madzi mu ketulo kapena mu giza chikang'aluka, kapena chingwe cha ayironi chikaperepeseka, ena amathawira pa chitsulo cha kunja. Apa m'pamene amayi amati ketulo "ikuluma". Fyuzi ya mu pulagi siingakuthandizeni, chifukwa imadikira maampeya oposa 13, pamene gawo laling'ono chabe la ampeya imodzi litha kusokoneza mtima.

N'chifukwa chake pa bokosi la magetsi pafunika RCD, imene amisiri ambiri amaitchula kuti earth leakage. Ntchito yake n'kuyerekeza magetsi olowa ndi obwerera. Akasiyana ndi mamiliampeya 30, imazimitsa sekondi isanathe.

Koma kuthawa kwa magetsi n'kwamitundu. Ketulo, ayironi ndi kuka zimataya magetsi wamba, amene RCD ya mtundu wa AC imawazindikira. Zipangizo za makono zokhala ndi timawaya ta kompyuta, monga makina ochapira ndi mafiriji a inverter, zimataya magetsi odukizadukiza opita mbali imodzi. Amenewa RCD ya AC itha kuwaphonya, ndipo pafunika ya mtundu wa A. Amene mukumangitsa nyumba, funsani mmisiri wanu chilembo chimene chili pa RCD yanu. Amene muli ndi sola, funsaninso ngati pakufunika ya mtundu wa B.

Chimene chimandiwawa n'chakuti RCD ikamazimitsazimitsa, ena amaitana mnyamata kuti ailambalalitse ndi waya. Kumeneko n'kupha galu chifukwa wauwa mbala. Zulani mapulagi onse, bwezerani RCD, ndipo lowetsani chipangizo chimodzichimodzi mpaka cholakwacho chidziulule. Chimenecho chipite kwa mmisiri wovomerezeka.

Pa RCD pali batani lolembedwa T. Lidinikizeni kamodzi pa miyezi 6 iliyonse, ndipo akomiti a mizikiti achitenso chimodzimodzi pamalo otawazira. Magetsi akapanda kuzima, RCD imeneyo isinthidwe msanga.