Geni ikuyenda koma ndalama sindikuiona

Agogo Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 36, mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Kachebere m'boma la Mchinji. Poona kuti malipiro sakufika pakati pa mwezi, chaka chatha ndidakongola ndalama kubanki m'khonde n'kuyamba kageni ka zitenje ndi nsapato za ana zomwe ndimakapikula ku Chipata Loweruka. Katundu amayenda ndithu, aphunzitsi anzanga ndi amayi akutchalitchi amandigula. Koma chodabwitsa n'choti mpamba ukunka nuchepa. Ndinkalemba zonse m'kope, koma tsiku lina lidanyowa ndi mvula ndili pakabaza ndipo masamba a angongole adafufutika. Pano ena akukanitsitsa kuti adalipira kale. Bambo akunyumba ayamba kundikayikira kuti mwina ku Chipatako kuli wina amene ndikumudyetsa. Mnyamata wina wokonza mafoni paboma akuti ndimupatse K40 000 andiikire pulogalamu yowerengetsera ndalama palaputopu yakale ya achimwene anga. Kubanki m'khonde tigawana mu December ndipo ngongole sindidamalize. Kodi ndimupatse ndalamayo? Ndithandizeni agogo, banja langa lili pamoto.

Mayi E.P., Kachebere, Mchinji

Zikomo mayi E.P.,

K40 000 imeneyo isungeni, mukaonjezere kubweza ngongole kubanki m'khondeko. Zonse zimene geni yanu ikufuna zilipo zaulere, ndipo zambiri zikwana pafoni imene muli nayo kale ngati ili ya intaneti.

Ndiyambe ndi mnyamatayo. Sindikumudziwa, mwina ndi wachilungamo. Koma mapulogalamu ambiri amene amaikidwa m'timashopu ta mafoni ndi aja eni ake amagulitsa, monga Microsoft Office, ndiye wina adawathyola loko. Ukalipira, wagula katundu wakuba, ndipo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Ine zidandionekera. Nditangopuma ntchito ndidayamba kuweta nkhuku za nyama, ndipo mnyamata wina adandiikira pulogalamu yotere pakompyuta imene ana adandisiyira. Patatha miyezi itatu idayamba kuzima yokha, kenaka zonse zimene ndidalemba, chakudya cha nkhuku, katemera, angongole, zidapita. Nditabwerera kwa mnyamatayo adati ndilipirenso kuti ayeretse. Amene adandiombola ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3, ndipo zimene ndikuuzenizi zambiri ndidaphunzira kwa iyeyo, magalasi ali pamphuno.

Koma tisanafike kumankhwala, tione kaye matenda. Muwodi, wodwala amene akutsegula m'mimba kapena amene impso zake zikuvuta tinkamutsegulira pepala la madzi: mbali ina olowa, kaya ndi dilipi kaya ndi phala, mbali ina otuluka. Pakutha pa maola 24 tinkawonkhetsa. Wodwala amatha kuoneka bwinobwino, akucheza ndi omudikirira, koma pepala likuonetsa kuti akuuma. Geni yanu ili chimodzimodzi. Mukuona ndalama zolowa chifukwa zimabwera m'manja, koma zotuluka zikudontha m'malo ambiri osalembedwa.

Tiyerekeze. Mwapikula zitenje 20 ndipo mutasintha ndalama chilichonse chakudyerani K8 000, zonse K160 000. Mukugulitsa K11 000, mumtima n'kumati phindu ndi K3 000 pachitenje. Koma kabaza, galimoto yopita ndi kubwera, nsima ya masana, zolipira pachipata ndi mayunitsi oimbira makasitomala zadya K30 000. Ndiye kuti chitenje chafika pakhomo panu pa K9 500, phindu lenileni ndi K1 500, zonse pamodzi K30 000. Tsono anthu atatu okha akapanda kulipira, K33 000 yapita, mwaluza ngakhale katundu yense watha. Apo sitidawerenge sopo ndi ndiwo zimene mumatapa m'thumba la geni lomwelo mwezi ukafika pa 20. Mwana wanga, chibwenzi chanu cha ku Chipata ndi chimenechi.

Chida choyamba ndi Google Sheets. Ndi pulogalamu yaulere imene mungaitenge pa Play Store, imangofuna akaunti ya Gmail, yomwenso ndi yaulere. Mukaitsegula mupeza tsamba la timabokosi ngati rejisitala ya kalasi. Pamwamba lembani mitu isanu basi: tsiku, katundu, zolowa, zotuluka, dzina la wangongole. Musachulutse, mungatope nazo sabata isanathe. Kuwonkhetsa imawonkhetsa yokha. Ngati zolowa zili mumzere wa C, pitani pabokosi lapansi mulembe =SUM(C2:C40), ndipo nthawi iliyonse mukaonjezera nambala pamwamba, chiwonkhetso chisintha chokha. Inu ndinu mphunzitsi, zimenezi mudzazigwira madzulo amodzi.

Ubwino wake waukulu kwa inu, amene kope lidakunyowerani, n'ngoti zolembazo sizikhala m'foni mokha. Zimasungidwanso pa akaunti yanu, yomwe Google imapatsa malo aulere okwana 15 GB. Foni ikagwera m'chitsime kapena akakuberani paminibasi, mumalowa pa akauntiyo pafoni ina n'kupeza zonse zili momwemo. Chofunika n'kusaiwala pasiwedi. Ilembeni papepala muisunge pamodzi ndi masatifiketi anu, osati m'chikwama choyenda nacho. Komanso pali posankha kuti tsambalo lizitseguka ngakhale mulibe bandulo. Mukatero mumalemba tsiku ndi tsiku popanda intaneti, ndipo tsiku limene mwagula bandulo zonse zimakwera zokha.

Kwanuko kuli vuto limene a ku Lilongwe salidziwa. M'malire foni imatha kudumphira yokha panetiweki ya ku Zambia, mayunitsi n'kutha osaimba n'komwe. Lowani m'masetingi, musankhe nokha netiweki ya kwanu kuno m'malo moisiya kuti izidzisankhira.

Nkhani ina ya m'malire ndi ya makwacha awiri. Mumagula ndi kwacha ya Zambia, mumagulitsa ndi kwacha ya Malawi, ndipo ziwirizi sizidikirana. Mukukumbukira kuti kwacha yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adagulitsa katundu pamtengo wakale masiku amenewo adakapeza ndalama yawo ikugula katundu wochepa kuposa kale. Choncho patsamba lanu onjezerani mzere umodzi wa mtengo umene mwasinthira ndalama tsiku lopikula. Poika mtengo wogulitsira musayang'ane zimene mudagulira mwezi watha, yang'anani zimene mudzagulire Loweruka likubwerali. Ndipo ngongole ya miyezi itatu pageni yotere ndi mphatso, chifukwa pomwe akubweza ndalamayo yaonda kale.

Ngati mukufunabe kugwiritsa ntchito laputopu ya achimwene anu, ikani LibreOffice. Imeneyi ndi yaulere mwalamulo, osati yakuba. Idayamba mu 2010 ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la The Document Foundation la ku Berlin, m'dziko la Germany, koma oikonza ndi anthu a m'maiko ambiri, ena ongodzipereka. Muli Calc yowerengetsera, yomwe imatsegulanso mafayilo a Excel, ndi Writer yolembera makalata ndi malisiti. Mukangoiika siifunanso intaneti. Eni ake amalola kuikopera pafulashi n'kugawira anzanu, ndiye mmodzi akapeza intaneti yabwino paboma atha kutengera aphunzitsi nonse. Ingoonetsetsani kuti yatengedwa patsamba lawo lenileni, libreoffice.org. Koma kumbukirani kuti zolemba za palaputopu zili palaputopu pomwepo. Ikafa zafa. Lamulungu lililonse koperani fayiloyo pafulashi kapena mudzitumizire nokha pa imelo.

Ena adzakuuzani za GnuCash. Ndi yaulerenso ndipo imatha kusunga ndalama za maiko awiri, koma imafuna munthu wodziwako za maakaunti. Pageni ya zitenje 20 kuli ngati kuitana ambulansi chifukwa cha chimfine. Isiyeni kaye.

Chida chachiwiri ndi WhatsApp Business, yomwe idatuluka mu 2018. Ndi yaulere ngati WhatsApp wamba, koma ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, moti kasitomala amadzionera yekha m'malo moti muzitumiza zithunzi zomwezo kwa anthu 30, bandulo n'kutha. Mutha kuikanso makasitomala m'magulu, awa alipira, awa ali ndi ngongole, komanso uthenga wodziyankha wokha. Umenewu ukuthandizani kwambiri inuyo: lembani kuti muli m'kalasi, muyankha mukaweruka. Ana a eni asamadikire mphunzitsi amene akutsatsa zitenje pakhonde, ndipo ahedi asapeze pokugwirirani. Dziwani kuti nambala imodzi singakhale pa WhatsApp ziwirizi nthawi imodzi, ndiye ndi bwino geni ikhale ndi simukhadi yakeyake. Pa nambala yomweyo tsegulaninso Airtel Money kapena Mpamba ya geni yokha, kuti ndalama ya zitenje isamasakanikirane ndi ya ndiwo.

Pa angongole chitani chonchi. Munthu akatenga katundu, nthawi yomweyo, akadali pamaso panu, mutumizireni uthenga: mwatenga zitenje ziwiri, K22 000, mulipira pa 28. Mupempheni ayankhe kuti eya. Akalipira, muyankheninso kuti mwalandira zingati, zatsala zingati. Wokana amasowa poyambira chifukwa umboni uli m'foni mwake momwe. Koma chonde musaike maina a angongole pa status kapena pagulu la kutchalitchi. Ife kuchipatala tinkadziwa zinsinsi za mudzi wonse koma pakamwa tinkatseka. Mukamuchititsa manyazi munthu, ndalama simuionanso, kasitomala mwataya, mwinanso mlandu kwa amfumu. Aja akukana kuti adalipira kale, pitani kwa mmodzimmodzi mwaulemu. Amene avomere mulembe, amene akanitsitse muwasiye, madzi akatayika saoleka. Koma asadzatengenso pangongole.

Tsono chenjerani, mawu oti zaulere ali ndi nkhope zingapo. LibreOffice ndi yaulere chifukwa oikonza adafuna kuti ikhale ya aliyense. Google ndi WhatsApp ndi zaulere chifukwa makampani ake amapeza ndalama m'njira zina, monga zotsatsa malonda, ndipo tsiku lina atha kusintha malamulo awo osakufunsani. N'chifukwa chake kamodzi pamwezi muzikopera ziwonkhetso zanu m'kope latsopano losungidwa m'nyumba, m'pepala la pulasitiki. Ndiye pali zaulere zachitatu, timapulogalamu tolonjeza ngongole yamsangamsanga kapena kuchulukitsa ndalama, tomwe timapempha chilolezo choona manambala onse a m'foni ndi mauthenga anu. Pulogalamu yowerengetsera ndalama ikufuna manambala a abale anu kuti itani nawo? Ikatero ifufuteni.

Chimodzimodzi mauthenga aja oti ndalama yalowa. Akamberembere amatha kulemba uthenga wofanana ndi wa kampani. Musapereke katundu musanaone nokha balansi yanu. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa kukampani ya foni. Pa WhatsApp tsegulani chitetezo chija cha manambala 6, ndipo kodi imene imabwera pa SMS musatumizire wina aliyense, chifukwa ndi mmene amalandira akaunti n'kuyamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu.

Za pachipata ndingonena mwachidule. Kuyambira December 2022 chipata cha Mchinji ndi Mwami chidakhala choima kamodzi, ndipo pali ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono monga inu. Safunsa adadya phula: funsani pomwepo kuti ndi katundu uti amene ali pamndandanda wake. Dutsani poyera, landirani lisiti, ijambuleni ndi foni isanafufutike, ndipo ndalamayo ilowe kumbali ya zotuluka. Njira zozembera zimaoneka zotchipa kufikira tsiku limene katundu yense walandidwa.

Tibwere kwa bambo akunyumba. Kukayikira kwawo kukupweteka, ndikudziwa, ndipo sindikuti akulondola. Koma taganizani, akuona mkazi wawo akuwoloka malire Loweruka lililonse, katundu akutha, ndalama osaoneka, ndipo inunso mukafunsidwa mulibe yankho. Musadikire December. Sabata ino khalani nawo pansi ana atagona, muwerengere limodzi katundu amene ali m'nyumba, ndalama zimene zili m'manja ndi ngongole zimene mukuzikumbukira, mulembe patsamba loyamba iwo akuona. Google Sheets imalola kugawana tsamba ndi munthu wina kuti aziona osasintha kanthu, ndiye ngati ali ndi foni ya intaneti apatseni aziona okha. Loweruka lina muwatenge ku Chipata akanyamule katundu, akamve okha mitengo ya kabaza. Ngati ataona zonsezi akupitirizabe za chibwenzizo, ndiye kuti nkhani si ya ndalama, ndipo imeneyo ndi ya ankhoswe.

Kubanki m'khonde pitani msanga mukawauze anzanu mmene zilili, mugwirizane zobweza pang'onopang'ono tsiku logawana lisanafike. Pakatha masabata anayi mundilemberenso, munditumizire manambala atatu: zolowa, zotuluka ndi zimene zili kwa angongole. Tidzaonere limodzi ngati nsapato za anazo zikupindula kapena zikungodya phindu la zitenje.

Anamwino