Ebenezeri si chithumwa

Munthu woyenda m'misika ya m'malire muno dzina la Ebenezeri salisowa. Lili pa zitseko za magolosale, pa zigayo, pa matchalitchi, ngakhale kumbuyo kwa galimoto zonyamula anthu. Ambiri amalilemba poganiza kuti limaitana mwayi. Koma dzinali lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo idayamba ndi maliro.

Ebenezeri ndi dzina la Chihebri lopangidwa ndi mawu awiri: "eben" ndiye mwala, "ezer" ndiye thandizo. Tsono tanthauzo lake ndi mwala wa thandizo. Buku loyamba la Samueli limatchula dzinali pa nkhondo ziwiri za Aisraele ndi Afilisti.

Pa nkhondo yoyamba, m'mutu 4, Aisraele adamanga zithando pa Ebenezeri, Afilisti ali ku Afeki. Malo a Afeki ali kum'mawa kwa mzinda wa lero wa Tel Aviv, ndipo akatswiri ena ofukula zakale amaganiza kuti Ebenezeri ndi kabwinja kapafupi kotchedwa Izbet Sartah, komwe adayamba kukumba m'chaka cha 1976. Tsiku loyamba Aisraele adataya anthu ngati 4,000. Akuluakulu adafunsana okhaokha chifukwa chake, koma sadadikire yankho la Mulungu. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Iwo adangotuma anthu ku Silo kukatenga Likasa la Chipangano, ati likawapulumutse.

Operekeza Likasalo adali Hofeni ndi Pinehasi, ana a wansembe Eli, anthu odziwika ndi kulanda nyama ya nsembe kwa opembedza ndi kugona ndi akazi otumikira pa khomo la chihema. Likasa litafika, asilikali adafuula mpaka nthaka idachita kunjenjemera. Koma phokoso silidathandize. Adagwa asilikali 30,000, Likasa lidalandidwa, ana awiri aja adaphedwa. Eli, nkhalamba ya zaka 98, atamva uthengawo adagwa chagada pa mpando nathyoka khosi. Mpongozi wake adabereka mwana tsiku lomwelo namutcha Ikabodi, kusonyeza kuti ulemerero wachoka.

Likasa lidakhala miyezi 7 kwa Afilisti, kenaka adalibweza, nilikhala ku Kiriyati-Yearimu. Padapita zaka 20. M'mutu 7 Samueli adauza anthu kuti ayambe ataya mafano a Baala ndi Asitaroti. Adasonkhana ku Mizipa, adasala chakudya naulula machimo awo. Afilisti atamva kuti asonkhana adabwera kudzawathira nkhondo. Ulendo uno panalibe Likasa, panalibe kufuula. Anthu ali ndi mantha adangopempha Samueli kuti asaleke kuwapempherera. Iye adapereka mwana wa nkhosa, ndipo mabingu aakulu adasokoneza Afilisti mpaka adathawa. Apo mpamene Samueli adaimika mwala pakati pa Mizipa ndi Seni nautcha Ebenezeri, pokumbutsa anthu kuti kufikira pamenepo Mulungu ndiye adawathandiza.

Kusiyana kwa nkhondo ziwirizi ndiko phunziro lonse. Poyamba anthu adanyamula chinthu chopatulika ngati chithumwa, mitima yawo ili chikhalire. Kachiwiri adalibe kanthu m'manja, koma adakonza mitima. Komanso mwalawo sudaimikidwe nkhondo isadayambe kuti ukoke chipambano. Udaimikidwa itatha, kuti ukhale mboni. Ntchito ya Ebenezeri ndi kuthokoza pa zimene zachitika kale ndi kukumbutsa ana amene sadaone.

Choncho palibe cholakwa kulemba dzinali pa golosale kapena pa chigayo. Banja limene lidabwerera ku mudzi wake chimanjamanja nkhondo itatha m'chaka cha 1992, lero lili ndi nyumba ya malata ndi nkhokwe yodzaza, lili ndi chifukwa chomveka choimikira mwala wake. Koma wogula chimanga ndi sikelo yobera, kapena wachigayo wotapa ufa wa amayi kuseri, ngakhale atalemba Ebenezeri ndi zilembo zazikulu bwanji, akuyenda m'mapazi a Hofeni ndi Pinehasi. Iwo adali ndi Likasa lenilenilo pafupi, koma silidawateteze.

Amene ali ndi dzinali pa khomo adzifunse kuti akukumbukira thandizo liti, ndiponso ngati ana ake akuidziwa nkhani yake.