Amereka: a Republicano akusakabe njira yawo pa zaumoyo

Pakati pa usiku wa pa 28 Julho 2017, m'nyumba ya malamulo ya Senado ku Washington, a John McCain adatambasula dzanja n'kulozetsa chala chachikulu pansi. Mavoti adathera pa 49 ovomera ndi 51 okana, ndipo chipani cha Republicano, chomwe kwa zaka zisanu ndi ziwiri chidakhala chikulonjeza kufafaniza lamulo la zaumoyo la a Barack Obama, chidagwetsedwa ndi anthu ake omwe: a McCain, mayi Susan Collins ndi mayi Lisa Murkowski. Funso lomwe lidawagawa usikuwo likadalipo: mukachotsa lamuloli, muikapo chiyani?

Awerengi athu mwina angadabwe ndi mkanganowu. Kuno boma lidatenga zipatala zonse pa 24 Julho 1975, ndipo ngakhale zipatala za eni zidaloledwanso mu 1991, wodwala amathamangira kwa boma poyamba. Ku Amereka ambiri amachiritsidwa ndi inshuwalansi, yomwe kuno timati seguro, yodzera kuntchito. Okalamba ali ndi Medicare, osauka ali ndi Medicaid, otsalawo amadzionera okha. Mu 2010 anthu pafupifupi 16 mwa 100 alionse adalibe seguro iliyonse.

Pamene pagona nkhani ndi apa: ganizo lomwe a Republicano amadana nalo kwambiri m'lamulo la a Obama lidachokera kwawo komwe. Mu 1989 a Stuart Butler a bungwe la Heritage Foundation adalemba kuti banja lililonse likakamizidwe kugula seguro. Chifukwa chake n'chomveka. Kampani ikaletsedwa kubweza anthu omwe ali kale ndi matenda, koma athanzi n'kusiyidwa kuti azidikira adwale kaye, m'thumbamo mumatsala odwala okhaokha ndipo mtengo umakwera mpaka aliyense athawe. Mu 1993, pamene a Bill Clinton adabwera ndi dongosolo lawo, a John Chafee a Republicano adaika ganizo lomweli m'bilu yawo yopikisana nalo. Mu 2006 a Mitt Romney adalisayinira kukhala lamulo m'chigawo cha Massachusetts. Koma a Obama atalitenga mu 2010, palibe wa Republicano ndi mmodzi yemwe amene adavomera, ndipo Heritage nayo idadzalikana pambuyo pake.

Atataya chida chimenechi, adatsala ndi zotani? Ena amati munthu azisunga ndalama zake za chipatala m'buku la kubanki losadulidwa msonkho, zomwe zimathandiza yekhayo amene ali n'chosunga. Ena amati boma la Washington lizipatsa chigawo chilichonse ndalama zoikika za Medicaid, chigawocho chidzionere chokha. Enanso amati odwala kwambiri aikidwe m'thumba lawolawo kuti athanzi azilipira zochepa. Izi zidayesedwapo kale m'zigawo 35 lamulo la 2010 lisanabwere, ndipo m'madera ena ndalama zikaperewera odwala ankalembedwa pa mndandanda wodikira. Bilu yomwe nyumba ya aphungu idavomera mu Maio 2017 ndi mavoti 217 kwa 213 idasakaniza zina mwa zimenezi, koma ofesi yowerengera ndalama za nyumba ya malamulo idapeza kuti pofika 2026 anthu ena 23 miliyoni akadakhala opanda seguro. Chiwerengero chotere n'chovuta kukachifotokoza pamsonkhano wa kumudzi.

Sitikunena kuti dandaulo lawo n'labodza ayi. Dzikolo limawonongera zaumoyo ndalama zoposa 17 mwa 100 za chuma chake chonse, kuposa mayiko ena onse olemera, ndipo wamalonda wodzilemba yekha ntchito amene salandira thandizo la boma amalipira zambiri mwezi ndi mwezi. Lamulo la a Obama lidachepetsa opanda seguro kufika pa 8 mwa 100 mu 2023, koma mitengo ya zipatala silidaikhudze kwenikweni.

Choncho m'malo molowetsa lamulo lina, akhala akulidula nthambi. Kumapeto kwa 2017 adachotsa chindapusa cha osagula seguro. Mu Julho 2025 a Donald Trump adasayinira lamulo lofuna kuti akuluakulu ambiri a pa Medicaid azisonyeza maola 80 a ntchito pamwezi. Chaka chomwecho mkangano wa ndalama zoonjezera zothandizira anthu kugula seguro udatseketsa ntchito za boma masiku 43. Mu Dezembro, Senado idavotera mabilu awiri tsiku limodzi: ya a Democrata yopitiriza thandizolo, ndi ya a Republicano yoika ndalamazo m'mabuku a kubanki a anthu. Onse awiri adalephera kupeza mavoti 60 ofunika, ndipo thandizo loonjezeralo lidatha pa 31 Dezembro 2025.