NYIMBO ZATHU PA INTANETI: KODI MWINI WAKE APINDULANJI?

Kumayambiriro kwa chaka cha 2022 mbiri inamveka m'maiko ambiri yakuti nyimbo ya Linny Hoo, ya Bambo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok. Mkuluyu, amene anabadwa mu 1930, anaijambulanso nyimboyi mu 2020 pamodzi ndi Bambo Patience Namadingo. Tonse tinakondwera, koma ena anafunsa kuti, kodi mwini nyimbo wapindulapo chiyani? Funsoli liyenera kuganiziridwa mofatsa, pakuti likhudza woimba aliyense wa dziko lino.

Poyamba tidziwe kumene ndalama zichokera. Titenge chitsanzo cha YouTube. Kampani imeneyi imalipidwa ndi amalonda amene amalengeza katundu wawo pa kanema, ndipo pa makwacha 100 alionse otere mwini kanema amalandira 55. Koma kuti ayambe kulandira ayenera kukhala ndi anthu 1,000 omutsata, ndiponso kanema wake aonedwe maola 4,000 pa miyezi 12. Chovuta china ndi chakuti kwa zaka zambiri Malawi sanali m'gulu la maiko ololedwa kulandira malipirowa, pamene Kenya, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa analimo. Chifukwa cha ichi oimba ena akhala akulembetsa kudzera mwa abale kapena abwenzi okhala kunja, ndipo potero aika chuma chawo m'dzina la munthu wina.

Chachiwiri ndi umwini wa nyimbo. Mu 2007 YouTube inakhazikitsa njira yotchedwa Content ID, imene imayerekeza kanema aliyense watsopano ndi nyimbo zimene eni ake anazilembetsa kale. Nyimbo ikapezeka mu kanema wa munthu wina, mwini wake angathe kumuletsa kanemayo, kapena kumusiya ndi kutengako ndalama za malonda. Njirayi ndi yabwino ndithu, koma makinawo sadziwa amene anapeka nyimbo. Amadziwa amene anailembetsa. Ndiponso woimba wamba safikako yekha, amadzera mwa makampani ofalitsa nyimbo. Tsono ngati wina wachenjera nailembetsa poyamba, ndiye amadya, mwini wake ali manja lende kufikira atadandaula ndi kuonetsa umboni.

Kumbali ya malamulo dziko lathu silinagone. Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, kotero kuti nyimbo ya Mmalawi ndi yotetezedwa m'maiko onse a m'panganolo. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za oimba ndi olemba, ndipo lamulo la 2016 linalola msonkho pa zipangizo zosungiramo nyimbo, kuti eni luso azigawana. Koma bungwe silingatolerere munthu amene sanalembetse nyimbo zake.

Woimba azindikirenso kuti m'nyimbo imodzi muli chuma chiwiri: cha wopeka mawu ndi maimbidwe, ndi cha mwini wa chojambulidwacho. Ambiri amalowa mojambulira nyimbo popanda kalata ya mgwirizano, akumati tonse ndife abale. Nyimbo ikatchuka, mkangano ubuka, ndipo palibe pepala lakuti aonetse. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Inu aphunzitsi amene mutsogolera makwaya m'sukulu, ndi inu a ntchito za Boma amene mukumana ndi achinyamata m'maboma, uzani oimba zinthu zitatu izi: alembe mgwirizano asanajambule, alembetse nyimbo ku COSOMA, ndipo aziike pa intaneti m'dzina lawo lenileni. Kukambirana ndi makampani akunja kuti alipire Amalawi mofanana ndi anzathu ndi udindo wa Boma. Kusunga umboni wa umwini ndi udindo wa woimba mwini.