Mzinga unalira panyanja, unadzamveka ku Mzimba

Sabata yathayi ndinkaphunzitsa a Fomu 3 za nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nditatchula za nkhondo ya pamadzi, mnyamata wina wokhala kumbuyo anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ife kuno nyanja timangoimva. Usipa wokha ndiwo umatipeza pamsika. Za masitimazi zikutikhudza bwanji?"

Anzake anaseka, koma funsolo linali lanzeru. Sukulu yathu ili kumudzi, kummwera kwa boma la Mzimba, ndipo ana ambiri m'kalasimo sanaonepo ngakhale bwato. Ndinamulonjeza yankho, ndipo lero ndafuna kuti nanu awerengi mulimve.

Britain inalowa nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914. Nthawi imeneyo dziko lathu linali Nyasaland, ndipo tsidya la nyanja, komwe lero ndi Tanzania, kunkalamulira Ajeremani. Iwo anali ndi sitima yawo yankhondo, Hermann von Wissmann, Angerezi nawo anali ndi yawo, Gwendolen. Pa 13 Ogasiti, Kaputeni Rhoades anafika ndi Gwendolen padoko la Sphinxhafen, lomwe masiku ano limatchedwa Liuli. Anapeza sitima ya Ajeremani ili pamtunda, akuikonza, ndipo anaiombera ndi mzinga mpaka kuiwononga.

Olemba mbiri amati Rhoades ndi kaputeni wa Chijeremaniyo, Berndt, anali mabwenzi omwera limodzi. Berndt anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba, choncho anapalasa kabwato kudzakalipira mnzakeyo, poganiza kuti waledzera. Anathera m'manja mwa mnzake yemweyo ngati mkaidi. Nkhondo yaing'onoyi ndi imene ambiri amaiwerengera kuti inali yoyamba ya pamadzi pankhondo yonseyo. Mzingawo ulipo mpaka lero ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi inkathera pomwepa, ngati nthabwala ya azungu awiri. Koma akatswiri a mbiri yakale anayamba kufunsa funso lina: nanga nyanja itakhala m'manja mwa Angerezi okha, anthu akuda chinawaonekera n'chiyani?

Yankho lake ndi ili. Nyanja inasanduka msewu waukulu wankhondo. Asilikali, zipolopolo ndi chakudya zinkakwera sitima ku Fort Johnston, komwe ndi ku Mangochi, ulendo wa kumpoto. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo yoopsa pa 9 Seputembala 1914, ndipo mu 1916 gulu la General Northey linalowa m'dziko la Ajeremani. Koma sitima imathera padoko. Kuchoka apo katundu yense ankayenda pamutu pa munthu. Anthu amenewa ndiwo ankatchedwa amtengatenga. Amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito imeneyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa.

Apa ndi pomwe Mzimba ikulowa m'nkhaniyi. Angoni a kuno anali atangolowa pansi pa boma la atsamunda mu 1904. Patangopita zaka khumi, boma lomwelo linabwera kudzafuna amuna onyamula katundu ndiponso chakudya cha asilikali. Inkosi Chimtunga Jere, mwana wa M'mbelwa, inakaniza anthu ake. Chifukwa cha ichi, mu 1915 atsamunda anaichotsa paufumu n'kuitumiza kutali ku Chiromo, kuchigwa cha Shire. Taganizani, mfumu yaikulu ya Angoni kuchotsedwa pampando chifukwa cha katundu wotsika m'sitima! Nditawafotokozera izi ana aja, m'kalasi munangoti zii. Dzina la Gwendolen linali lachilendo kwa iwo, koma la Jere ndi la kwawo.

Zambiri mwa zimenezi tikuzidziwa chifukwa cha ntchito ya katswiri wina, Melvin Page. M'zaka za m'ma 1970 iye pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zomwe zinaiona nkhondoyo ndi maso. Anthu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, ndipo buku lake la mu 2000 analitcha The Chiwaya War. Mu 2021 mawu a nkhalamba zija anasindikizidwa paokha m'mabuku awiri. Akanachedwa zaka khumi zokha, bwenzi ambiri mwa iwo atapita nazo kumanda.

Chondidandaulitsa n'chakuti kafukufuku wotereyu safika kwa ife. Mulaibulale ya pasukulu pathu mulibe buku lililonse mwa amenewa. Ine ndinachita kubwereka kwa mnzanga wa ku Mzuzu, n'kumakopera m'kope usiku ndi tochi ya foni. Mwana wa ku Mzimba amaloweza dzina la Sarajevo ndi la Franz Ferdinand kuti akakhoze mayeso, koma sadziwa kuti mfumu yake inalangidwa pankhondo yomweyo. Kodi tikadabwa akamati mbiri yakale ndi phunziro la eni ake?

Ndiye ndinawapatsa ntchito yakunyumba: aliyense akafunse agogo ake zomwe anamva kwa makolo awo za mtengatenga. Ambiri anabwera chimanjamanja. Koma mtsikana wina anabwera ndi tsamba lodzaza. Agogo ake aakazi anamuuza kuti agogo awo anatengedwa usiku, anasiya mkazi ali woyembekezera, ndipo sanabwerenso. Pamudzipo palibe manda awo. Mtsikanayo anawerenga m'Chitumbuka, ndipo palibe anaseka.

Akuluakulu anati akulu ndi mdambo mozimira moto. Amene anaiona nkhondoyo anatha, koma amene anamva kwa iwo akadalipo, ngakhale akupita mmodzimmodzi. Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga, kaya muli ku Embangweni, ku Jenda kapena ku Euthini, n'lakuti titume ana akafunse, alembe, ndipo makopewo tiwasunge. Kwa a mayunivesite athu, tikupempha kuti zomwe mwapeza muzilembenso mwachidule m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti zifike kumudzi komwe zinachokera.

Mnyamata uja wandifunsa kale ngati sukulu ingatitengere ku Mangochi kukaona mzingawo. Ndamuuza kuti ndalama ya basi tilibe. Iye wati ayamba kusunga ya nyemba zake.